Mfuti ya agogo ndi zidindo zake: ndemanga pa ntchito ya a Sajeni a ku Chinamwali

Malume anga atamwalira chaka chatha kumudzi kwathu ku Chingale, pakati pa katundu amene banja linayenera kukambirana panali mfuti yakale imene inakhala m'nyumba mwawo zaka zoposa 40, ndipo popeza ine ndine mphwawo wamkulu, komanso ndimakhala m'tauni muno mwa Zomba, akuluakulu anandisenzetsa udindo wolongosola mapepala ake. Mfuti si njinga kapena wailesi yoti munthu angoinyamula n'kupita nayo kwawo maliro akatha. Chiphaso chake chimakhala m'dzina la munthu mmodzi, ndipo mwini wake akatisiya, otsala amayenera kukaonekera kwa apolisi kuti zidziwike kuti ikhala m'manja mwa yani. Apa ndi pamene ndinagwira njakata, chifukwa nambala imene inali pa chiphaso cha malume sinkagwirizana ndi nambala imene ndinaiona pathupi pa mfutiyo, ndipo pamalo olembapo mtundu wa mfuti panangolembedwa kuti 303, nambala imene imangonena kukula kwa chipolopolo, popanda dzina la fakitale kapena chaka. Ndinalangizidwa kuti ndisanayambe kudzaza mafomu ndipeze kaye munthu wodziwa kuwerenga zidindo za mfuti zakale za asilikali, kuti chimene ndikalembe chikhale chimene chitsulocho chikunena.

Umu ndi mmene ndinamvera za bambo wina wachikulire wa ku Chinamwali, amene anthu amangowatchula kuti a Sajeni chifukwa anapuma usilikali ali pa udindo umenewo, atatha zaka zambiri akugwira ntchito m'nyumba yosungira zida. Alibe shopu, alibe chikwangwani, sagulitsa mfuti, sakonza mfuti, ndiponso salola kuti munthu abwere nayo kunyumba kwawo. Ntchito yawo ndi kupita kumene kuli mfuti yakale yokhala ndi mapepala ake, kuwerenga zidindo zonse zimene zili pachitsulo ndi pamtengo, n'kulembera mwini wake zimene apeza. Ndemanga yangayi ndi ya ntchito imeneyo, monga ndinaionera ndi maso anga tsiku lina Loweruka pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa malemu malume, ndiponso monga inayendera m'masabata otsatira.

Kuti owerenga amvetse chifukwa chimene tsikulo linakhalira lolemera, ndiyenera kunena nkhani imene tonse tinakula nayo. Agogo anga, bambo awo a mayi ndi malume, anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni ake awiri oyambirira anali a kuno ku Nyasaland. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anafika ku Burma, kumene asilikali a ku Africa kuno anamenyana ndi a Japan m'nkhalango za chigwa cha Kabaw mu 1944. Nkhani ya pabanja pathu inali yakuti mfutiyi ndi imene agogo anagwira ku Burma, ndipo mzungu amene ankawatsogolera anawapatsa ngati mphatso chifukwa cha kulimba mtima kwawo. Nkhaniyi inkakambidwa pamaliro, paukwati, ngakhale pamene malume ankatuluka nayo kukapirikitsa nguluwe m'munda wa chinangwa, ndipo panalibe anaikayikirapo, ine ndemwe.

A Sajeni anafika panjinga yamoto cha m'ma 10 koloko, ali mbuu ndi fumbi la msewu wa ku Chingale, atanyamula kachikwama kakang'ono. Asanakhudze mfuti anapempha kaye chiphaso ndi chitupa changa, n'kuziwerenga modekha. Kenako anauza ana onse kuti akasewere kuseri, analozetsa kukamwa kwa mfutiyo pachulu chimene chili kumapeto kwa bwalo, anachotsa magazini (kabokosi ka zipolopolo), anatsegula bolt (chitsulo chimene chimakankhira chipolopolo m'mpope n'kutseka kumbuyo kwake), anasuzumira m'kati, n'kupisamo chala chaching'ono kuti atsimikize kuti mulibe chipolopolo. Msuweni wanga wina anawauza kuti asavutike, mfutiyo sinawombedwepo zaka khumi, koma iwo sanamuyankhe n'komwe mpaka atamaliza. Zida zimene anatulutsa m'kachikwamamo zinandidabwitsa ndi kuchepa kwake: galasi lokulitsira zinthu, tochi, mswachi wakale, kabotolo ka parafini, kansalu, choko cha kusukulu ndi kope. Msuweni yemwe uja atabweretsa sandipepala kuti achotse dzimbiri zilembo zioneke bwino, a Sajeni anakweza mawu koyamba, nati: "Mwana wanga, chotsa chimenecho. Ukakwecha kamodzi, wafufuta zimene ndabwerera kuno." M'malo mwake ananyowetsa mswachi ndi parafini, n'kutsuka pang'onopang'ono, kupukuta, kupaka choko, kenako kupukutanso ndi chala, mwakuti choko chinatsalira m'maenje a zilembo mokha, ndipo zolemba zimene ndinkaziona ngati mikwingwirima chabe zinatuluka zoyera pachitsulo chakuda.

Anayambira pakhosi pa mfuti, pamene pali lamba wachitsulo wolumikiza thupi lake ndi mtengo wa paphewa, kudzanja lamanja, pansi pa chogwirira cha bolt. Pamwamba penipeni panali chisoti chachifumu, pansi pake zilembo G.R., kenako B.S.A. Co., kenako 1917, kenako ShtLE, ndipo pomalizira III yokhala ndi kanyenyezi pambali. A Sajeni anafotokoza mzere uliwonse paokha, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa. G.R. ndi chidule cha mawu a Chilatini otanthauza Mfumu George, ndipo mu 1917 ameneyu anali George V, amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936, pakanakhala E.R. tikanadziwa kuti ndi ya nthawi ya Edward VII, amene analamulira m'mbuyo mwake. B.S.A. ndi kampani ya Birmingham Small Arms, yomwe ija inkapanganso njinga zimene akuluakulu ena akuzikumbukirabe. ShtLE ndi chidule cha dzina la mtundu wa mfutiyi, Short Magazine Lee-Enfield, ndipo anandichenjeza kuti mawu akuti Short sakunena za magazini, imene imalowa zipolopolo 10, koma za mfuti yonse, chifukwa ndi yofupikirapo poyerekeza ndi Lee-Enfield yoyamba ya mu 1895. Lee ndi James Paris Lee, amene anakonza kayendedwe ka bolt ndi magazini, pamene Enfield ndi malo a kumpoto kwa London kumene kunali fakitale ya boma yopanga mfuti.

Kanyenyezi kaja ndi kamene anakhalitsapo kwambiri, ndipo ndinapindula nako. Mtundu wa Mark III unavomerezedwa mu 1907, uli ndi zinthu zina zimene zinkadya nthawi popanga, monga kachitsulo kotsekera magazini kuti msilikali aziika chipolopolo chimodzichimodzi, komanso zoonera za m'mbali zowombera patali kwambiri asilikali akamawomba pamodzi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itakula, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, boma la Britain linafuna mfuti zambiri mofulumira, motero zinthu zimenezo zinachotsedwa, ndipo mfuti yopepukitsidwa kapangidweyo inapatsidwa kanyenyezi. Anandigwiritsa chala pamalo pamene kachitsulo kotsekera kaja kakanakhala, ndipo panalidi posalala. Ndili chigwirire ndinaganiza kuti chaka chimene chitsulochi chinkadindidwa ku Birmingham, asilikali ndi atengatenga a kuno anali m'thengo kulondola gulu la a Germany la Paul von Lettow-Vorbeck, limene mu November chaka chomwecho linawolokera ku Mozambique, ndipo asilikali ambiri amene sanabwerere ndi amene amakumbukiridwa pachipilala chanjerwa chokhala ndi wotchi chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Agogo anga nthawi imeneyo anali asanabadwe.

Kufika apa panalibe chimene chinasokoneza nkhani ya pabanja, chifukwa mfuti zambiri za nkhondo yoyamba zinagwiranso ntchito pa nkhondo yachiwiri, ndipo a Sajeni anavomereza kuti asilikali a KAR ankanyamuladi mtundu umenewu. Mayi aakulu, amene anakhala pamphasa chapafupi, ankangogwedeza mutu mokhutira. Anationetsanso kachizindikiro kooneka ngati phazi la nkhuku, kamene kanali pafupifupi pachitsulo chilichonse ngakhale chaching'ono, n'kunena kuti ndi mutu wa muvi, chidindo chosonyeza kuti chinthucho ndi katundu wa boma la Britain. Anati mayiko ena a pansi pa Britain ankawonjezerapo chilembo chawo, moti muvi ukakhala m'kati mwa U ndiye kuti mfutiyo inali ya asilikali a ku South Africa, ukakhala m'kati mwa C ndi ya a ku Canada. Yathu inalibe zilembo zimenezi. Kachitsulo kozungulira kamkuwa kamene kali pamtengo wa paphewa, pamene kale ankadindapo dzina la gulu la asilikali, kanali kopanda cholemba chilichonse, ndipo ngakhale msuweni wanga anaumirira kuti akuonapo K, a Sajeni anakayang'ana ndi galasi nthawi yaitali n'kunena kuti ndi chipsera cha msomali.

Zinthu zinasintha atatembenuza mfutiyo. Kumanzere kwa lamba wa pakhosi uja kunatuluka zilembo F.T.R. ndi chaka cha 1953. Anati zilembozi zimaimira mawu akuti Factory Thorough Repair, kutanthauza kuti mfutiyo inabwezedwa kufakitale, inamasulidwa yonse, zakutha n'kusinthidwa, kenako n'kumangidwanso. Pathupi pake anapezaponso mivi iwiri yoyang'anizana, nsonga ndi nsonga, chimene ndi chizindikiro chakuti boma linaitulutsa m'gulu la zida zake n'kuigulitsa. Pomaliza anatukula kamtengo kamene kamavundikira tsinde la mpope, kamene kamangogwidwa ndi timasipuling'i, ndipo pansi pake panali chisoti china chaching'ono, zilembo BNP, nambala .303, nambala 2.222, ndi mawu osonyeza matani 18.5. Anafotokoza kuti ku Britain lamulo silola kuti mfuti igulitsidwe kwa anthu wamba isanayesedwe kunyumba yoyesera mfuti ya ku London kapena ya ku Birmingham, ndipo ya ku Birmingham inakhazikitsidwa mu 1813. BNP ndi chidindo cha ku Birmingham chosonyeza kuti yayesedwa ndi wonga wamakono wopanda utsi, 2.222 ndi utali wa khoko la chipolopolo m'mainchi, ndipo matani aja ndi mphamvu imene mpope uyenera kupirira pa inchi imodzi mbali zonse. Mfundo yaikulu inali yakuti kalembedwe kameneka kanabwera ndi malamulo a mu 1954, amene anayamba kugwira ntchito mu 1955.

Sanapite m'mbali. Anaika galasi pansi, n'kunena anthu onse akumva kuti mfuti imene inali m'fakitale mu 1953, n'kuyesedwa ku Birmingham mu 1955 kapena pambuyo pake, singakhale kuti inabwera ndi msilikali wochokera ku Burma nkhondo itangotha mu 1945. Anawonjezera kuti msilikali akamatulutsidwa ntchito ankabweza mfuti yake kunyumba yosungira zida, chifukwa inali ya boma, ndipo ngakhale mkulu wa asilikali analibe mphamvu yoipereka ngati mphatso. Pabwalo panangoti zii. Mayi aakulu anadzuka pamphasa, anakonza chitenje, n'kufunsa kuti: "Bambo, kodi mwayenda ulendo wonsewu kuti mudzatiuze kuti bambo athu anali abodza?" Yankho la a Sajeni ndimalikumbukira bwino chifukwa ndinalilemba madzulo omwewo. Anati: "Ayi, mayi. Chitsulochi sichikunena kuti bambo anu sanapite ku Burma. Chikungonena kuti icho sichinabwere nawo. Za bambo anu mundionetse zinthu zawo, osati za mfumu ya ku Britain."

Apa ndiyenera kunena dandaulo langa loyamba, ndipo ndi lalikulu. Zimene ananena zinali zoona, ndipo sindikanafuna kuti abise kapena kusintha, koma munthu wa msinkhu wawo, wodziwa mmene nkhani za makolo zimalemerera pamudzi, akanatha kundiitanira kaye pambali ine amene ndinawaitana, kuti ndione mmene ndingaifikitsire kwa akuluakulu. Kuiponya pabwalo, pamaso pa akamwini ndi anansi amene anabwera kudzaonerera, kunachititsa kuti mayi aakulu amve ngati achititsidwa manyazi pakhomo pa mlongo wawo patangopita miyezi yochepa chimuikireni m'manda. Aliyense wofuna kuwaitana agwirizane nawo zimenezi asananyamuke, chifukwa okha saziganizira.

Komabe chimene chinatsatira ndi chimene chinandichititsa kulemba ndemanga ino m'malo mongoiwala. Mayi anga analowa m'nyumba n'kutulutsa kachitini kamene kamakhala pansi pa sutikesi, ndipo m'katimo munali mendulo za agogo zokutidwa m'kansalu. A Sajeni anasamba m'manja asanazigwire. Anatola imodzi yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yokhala ndi kansalu kofiira pakati, m'mbali mwa buluu wodera wodutsamo timizere ta mtundu wa lalanje, n'kunena kuti imeneyo ndi Burma Star, imene inkaperekedwa kwa okhawo amene anatumikira kunkhondo ya ku Burma. Anaimirira, nkhalamba yonseyo, n'kuiperekera sawasha. Ndikukhulupirira kuti sanachite zimenezo pofuna kusangalatsa munthu, chifukwa mphindi zochepa m'mbuyomo anali atasonyeza kuti kusangalatsa anthu sakudziwa. Mayi aakulu atakhala chete nthawi yaitali anakumbukira okha kuti agogo anagwirapo ukapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Thondwe, ndipo mzungu wa pamenepo anachoka dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu mu 1964, atawasiyira katundu wina. Ine ndinafulumira kunena kuti ndiye kuti mphatso ya mzungu inalidi yoona, kungoti mzungu wake ndi wina, koma a Sajeni anandidula mawu, nati: "Aphunzitsi, zimenezo zikhoza kutheka, koma sizinadindidwe pano, ndiye sindizilemba."

Nkhani ya nambala, imene ndinawaitanira kwenikweni, anaimasula m'mphindi zosakwana khumi. Mfuti ya mtundu umenewu imakhala ndi nambala yake m'malo angapo: pathupi, patsinde la mpope, kuseri kwa chogwirira cha bolt, pansi pa choonera cha kumbuyo, ndi pachitsulo cha kumphuno pamene pamasomekedwa mpeni. Pa mfuti yathu nambala ya pathupi ndi ya pampope zinali zofanana, koma ya pa bolt inali ina, ndipo imeneyo ndi imene inali pa chiphaso. Zikuoneka kuti amene analemba pepala loyamba kalekale anangokopera nambala imene inali yosavuta kuona, ndipo cholakwikacho chinkangosamutsidwa chaka ndi chaka. A Sajeni anati nambala yeniyeni ya mfuti ndi ya pathupi, chifukwa bolt imachoka ndipo ikhoza kusinthanitsidwa, ndipo anandilangiza kuti polemba ndikaikepo zonse ziwiri ndi kufotokoza pamene iliyonse ili, kuti pasadzakhale munthu woganiza kuti pali mfuti ziwiri, ina n'kubisidwa.

Kusiyana kwa nambalako kuli ndi mbali ina yoopsa, imene ine sindikanaiganizira. Pa Lee-Enfield mano amene amatseka bolt ali chakumbuyo kwake, ndipo bolt iliyonse inkasemedwa kuti igwirizane ndi thupi la mfuti yake, kotero bolt yochokera pa mfuti ina ikhoza kusiya mpata wopitirira muyezo pakati pa mutu wake ndi thako la chipolopolo, kapena kugwira ndi dzino limodzi lokha. Mpata umenewo ukakula, khoko la chipolopolo limatha kung'ambika powomba, moto n'kubwerera kumaso kwa wowombayo. Anaunikiranso m'mpope ndi tochi n'kundionetsa timaenje tambirimbiri tokhala ngati nthomba, ndipo anati zimenezi zimachitika chifukwa zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere m'mpope, umene mafuta okha sauchotsa, n'chifukwa chake asilikali ankathiramo madzi owira akatha kuwomba. Malume ankangopaka girizi kunja. Anafufuzanso mosamala ngati pali zilembo DP, zimene zimadindidwa pa mfuti imene yatsitsidwa kuti izingogwiritsidwa ntchito pa perete ndi pophunzitsa, yosayenera kuwombedwanso, ndipo anati waonapo anthu akusaka ndi mfuti zoterozo osadziwa. Yathu inalibe. Ngakhale zinali choncho, anatiletsa kuiwomba kufikira itayezedwa ndi munthu wokhala ndi zoyezera mpata wa bolt.

Dandaulo langa lachiwiri lili pomwepa, chifukwa zoyezera zimenezo iwo alibe. Munthu amene walipira kuti adziwe za mfuti yake amafuna kumvanso ngati ili yabwino kugwiritsa ntchito, ndipo yankho lakuti kafunseni kwina limasiya ntchito ili theka. Ndiwayamikire kuti sananamizire kudziwa poyang'ana ndi maso okha, koma akanandiuza za malire amenewa tsiku limene tinkapangana, sindikanalonjeza abale kuti tsikulo tidziwa zonse.

Titadya nsima, ndinawafunsa za mfuti zina zimene amakumana nazo m'boma lino, ndipo zimene anayankha zingathandize owerenga amene ali ndi mfuti yofanana ndi yathu koma yosiyana pang'ono. Anati anthu ambiri amangoti 303 pa mfuti iliyonse ya bolt, pamene pali mitundu yosiyana. No. 4, imene inavomerezedwa mu 1941, imadziwika chifukwa mpope wake umatulukira kutsogolo kwa mtengo, choonera chake ndi kabowo kamene kali kumbuyo pafupi ndi diso, ndipo zolemba zake zimakhala kumanzere; ikalembedwa M47C ndi ya B.S.A. ya ku Shirley, ikalembedwa Long Branch ndi ya ku Canada, ndipo ikakhala ndi mawu akuti U.S. PROPERTY ndi yopangidwa ndi kampani ya Savage ku America n'kubwerekedwa kwa Britain pa nthawi ya nkhondo. Za ku India zimachokera ku Ishapore, zakale zili ndi G.R.I., za pambuyo pa ufulu wa dzikolo zili ndi R.F.I., ndipo anachenjeza kuti pakati pa zimenezi pali zina za m'ma 1960 zolembedwa 2A kapena 2A1, zimene kunja zimafanana ndi yathu koma zimadya chipolopolo cha 7.62, osati .303, ndiponso zina zimene zinasinthidwa kukhala za .410 zowomba kamodzi. Za ku Australia zimalembedwa Lithgow. Anatchulanso kuti m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa anaonako Mauser-Vergueiro ya Apwitikizi ya mu 1904, imene ili ndi chisoti ndi chidindo cha Mfumu Carlos I, koma anavomera kuti pa mfuti zimene si za Britain amangodziwa mitu yokha. Mnansi wina atafunsa za gogodela wa agogo ake, anangoseka n'kunena kuti ameneyo akafunse osula.

Pa nkhani ya mtengo, ndinalipira K30,000 ya ntchito, kuwonjezera pa ndalama ya njinga yamoto popita ndi pobwera, ndi chakudya. Poganizira kuti anakhala nafe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, sindikuona kuti anandidyera, koma sanafune kutchula mtengo tisananyamuke, ankangoti tikaona komweko, ndipo zimenezi zimamuika munthu pamalo ovuta, chifukwa sungakambirane mtengo ndi munthu wamkulu amene wamaliza kale ntchito pakhomo pako. Amalankhulanso kwambiri, ndipo nkhani ya chidindo chimodzi imatha kupatukira ku za perete ya m'masiku awo, n'kudzabwerera patapita theka la ola. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wofuna kuwaitana asakhale ndi ulendo wina tsiku limenelo.

Lipoti lolembedwa ndi limene linandivutitsa kwambiri. Analonjeza kuti likhala litatha pakatha masiku atatu, koma linatenga masabata atatu, ndipo ndinapita ku Chinamwali kawiri osawapeza. Litatuluka linali la masamba awiri olembedwa pamanja, m'zilembo zazikuluzikulu zooneka bwino, chidindo chilichonse atachijambula ndi cholembera monga chilili, n'kulemba pambali pamene chili ndi tanthauzo lake. Kumapeto anagawa zimene apeza m'magulu awiri, zimene zidindo zikutsimikiza ndi zimene iwo akungoganiza, ndipo m'gulu lachiwirilo munali mzere umodzi wokha, wakuti mwina bolt inasinthidwa mfutiyo itafika kale kuno. Kalembedwe kameneka ndi kabwino zedi. Koma pokopera nambala ya pathupi anasinthanitsa manambala awiri apakati, ndipo ndikanapanda kujambula zidindozo pafoni tsiku lija choko chisanafufutike, ndikanapita ku ofesi ndi nambala yachitatu yolakwika, pa nkhani imene inayamba chifukwa cha nambala yolakwika. Nditawaonetsa chithunzicho sanatsutse, anapepesa, analembanso tsamba lonse pomwepo osalipiritsa, koma ulendowo unali wachinayi. Amene adzawaitane ajambule chidindo chilichonse, ndipo akalandira lipoti aliwerenge nambala ndi nambala asanachoke pakhomopo.

Ntchitoyi ndingailimbikitse kwa munthu amene walandira mfuti ya asilikali a Britain kuchokera kwa makolo ndipo akufuna kulongosola mapepala ake, kapena akufuna kudziwa kumene inapangidwa ndi njira imene inadzera. Siyoyenera wofuna kudziwa mtengo wogulitsira, chifukwa funso limenelo amalikana, ndiponso siyoyenera munthu amene mfuti yake ilibe chiphaso, chifukwa a Sajeni anandiuza okha kuti woteroyo amangomulozera njira ya kupolisi. Kwa ine, lipoti lokonzedwa lija linalandiridwa pamodzi ndi zithunzi, ndipo pepala latsopano lili ndi dzina lonse la mfutiyo, fakitale yake, chaka cha 1917 ndi nambala zonse ziwiri. Mfutiyo sinawombedwebe, bolt yake tinaichotsa n'kuitsekera payokha podikira kuti iyezedwe.

A Sajeni asanakwere njinga tsiku lija anandiuza kuti ngati tikufuna mbiri ya agogo, tiyambire pa nambala yawo ya usilikali, imene ili pa kabuku kowatulutsira ntchito, n'kukafunsa ku National Archives konkuno ku Zomba. Kabukuko tinakapeza m'kachitini komwe kaja, pansi pa mendulo, masamba ake atadyedwa ndi njenjete m'mbali koma nambala ikuwerengeka. Mayi aakulu sanawakhululukirebe a Sajeni, ndipo akamawatchula amangoti bambo a choko aja, koma ndi iwo amene anandipatsa kabukuko m'manja mwezi watha, atakakulunga m'pulasitiki ya shuga, n'kundiuza kuti sukulu zikatsekera ndipite nako.